Parvo Ikadutsa Pakhomo: Kuyeretsa Nyumba ndi Bwalo Tiagalu Tikadwala

Ndathokoza kuti mwasiya ntchito zanu, ena mwatseka maokala, kudzamva nkhani ya agalu. Ambiri amaiyesa nkhani yopepuka, kufikira tsiku limene akumba dzenje lachitatu m'sabata imodzi.

Ndiyambe ndi zimene zinandigwera ine. Zaka zapitazo galu wanga anaswa ana 5. Tiagaluto titakwana miyezi 2, kamodzi kanasiya kudya. Kanali kagalu kosusuka, koyamba kufika pambale tsiku lililonse, koma m'mawa umenewo kanangonunkhiza phala n'kukagona kuseri kwa mgolo wa madzi. Madzulo kanayamba kusanza thovu. Kutacha kanatsegula m'mimba, chimbudzi chamadzimadzi chosakanikirana ndi magazi, ndipo fungo lake, amene munalimvapo mukundimvetsa, silichoka m'mphuno. Sabata isanathe ndinali nditakwirira tiagalu 4. Ndinasesa bwalo lonse, ndinakolopa khonde ndi mankhwala onunkhira, ndinachapa mbale. Patatha mwezi mnzanga anandipatsa kagalu kena pondipepesa. Sikanathe masabata 2. Kameneka ndi kamene kamandiwawa mpaka lero, chifukwa kanabwera kali bwinobwino, kakudumphadumpha, ndipo chinakapha ndi bwalo langa, bwalo limene maso anga ankaliona loyera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye ndabwera ndi mfundo 5. Yoyamba, timudziwe mdani wathu. Yachiwiri, tichotse zonyansa tisanathire mankhwala. Yachitatu, kasungunulidwe ka Jik ndi kolorini. Yachinayi, dothi. Yachisanu, kudikira ndi katemera. Ndidzachedwako pa yachitatu ndi yachinayi, chifukwa mpamene ambiri timagwera.

Mfundo yoyamba: mdani wathu ndani?

Matendawa dzina lake ndi parvo. Anatulukira m'chaka cha 1978, ndipo pasanathe zaka zambiri anali atafika pafupifupi dziko lonse lapansi. Kachirombo kake kamalowera pakamwa, kagalu kakanyambita kapena kununkhiza pamene pali chimbudzi kapena masanzi a galu wodwala. Kakalowa kamakadya khungu la m'kati mwa matumbo, lija loyamwa chakudya ndi madzi, komanso kamaononga m'kati mwa mafupa momwe mumapangidwa asilikali a m'thupi. Kagalu kamataya madzi kukamwa ndi kumbuyo komwe, asilikali atachepa, majeremusi a m'matumbo n'kulowa m'magazi. Imfa yake imadzera pamenepo. Amene amagwidwa kwambiri ndi tiagalu ta masabata 6 mpaka miyezi 6, ndipo inu oweta agalu a mtundu wa Rottweiler, Doberman ndi German Shepherd mudziwe kuti anuwo amagonja msanga kuposa ena.

Pano ndipatukeko pang'ono. Tiagalu tikayamba kufa motsatizana, mawu oyamba kutuluka pakamwa ndi akuti, "Andithirira tameki." Ndaona anthu oyandikana nyumba atasiya kupatsana moni chifukwa cha zimenezi. Tameki alipodi, ndipo akuba amamugwiritsa ntchito, sindikukana. Koma tameki amagwetsa galu tsiku lomwelo, malovu chuchuchu, thupi likunjenjemera, ndipo sasankha msinkhu. Parvo imatenga masiku, imayamba ndi kukana chakudya, imatola ana n'kusiya akuluakulu. Mukaona make ali njo koma ana akugwa mmodzimmodzi, musathamangire kuloza chala mnzanu. Itanani alangizi a ziweto.

Tsono chimene ndikufuna mupite nacho kunyumba n'chakuti kachirombo aka n'kouma mutu. Nthawi ya Covid tinaphunzira kuti sopo amapha kachirombo, ndipo zinali zoona, chifukwa kachirombo kaja kali ndi chikuto chamafuta chimene sopo amasungunula. Ka parvo kalibe chikuto chimenecho. Sopo amangokasuntha, sakapha. Sipiriti sakapha. Inu alimi mumadziwa kaufiti. Mumazula, mumaotcha, munda n'kuoneka bwino, koma njere zake zili m'nthaka phee, kudikira tsiku limene mudzabzale chimanga. Parvo ndi kaufiti wa pabwalo. M'nyumba imatha kukhala mwezi kapena kuposerapo. Panja, pamthunzi ndi pachinyezi, imakhala miyezi yambiri, mwinanso chaka chathunthu. Chimanga chake ndi kagalu katsopano kopanda katemera.

Dziwaninso kuti kagalu kamayamba kumwaza kachiromboka patatha masiku 4 kapena 5 chikatengereni, kawirikawiri kasanaonetse n'komwe kuti kakudwala, ndipo kamapitiriza masiku ngati 10 katachira. Choncho musaganize za pamene kanagona kakudwala pokha. Ganizani za ponse pamene kanayenda sabata yonse isanafike tsikulo. Munthu sadwala matendawa, ana anu sangawatenge, nkhuku ndi mbuzi ayi. Koma munthu ndiye basi yake. Kachimbudzi kochepa kokanirira kunsi kwa patapata n'kokwanira kukapha tiagalu kwa achimwene anu ku Area 25 kapena ku Ndirande.

Mfundo yachiwiri: chotsani zonyansa kaye.

Azimayi, kodi alipo amene amazira pansi asanasese? Palibe. N'chimodzimodzi pano. Jik akakumana ndi chimbudzi, masanzi, matope kapena mafuta a chakudya, mphamvu yake imathera pa zonyansazo, kachirombo n'kutsala kali moyo pansi pake. Ndibwereze: kuthira Jik pamwamba pa chimbudzi n'kutaya ndalama.

Ngati kagalu kakadali moyo, kaikeni pamalo amodzi a simenti, kutali ndi anzake, ndipo wokasamalira akhale munthu mmodzi, wokhala ndi nsapato zolowera mmenemo zokha. Kenako tengani fosholo, valani magolovesi kapena majumbo kumanja, muyende bwalo lonse mpaka kuseri kwa bafa ndi m'mbali mwa mpanda, mutole chimbudzi chonse cha agalu, chatsopano ndi chouma chomwe. Ponyani m'chimbudzi chokumba kapena m'dzenje lakuya. Kudzala ayi, chifukwa kudzala n'kumene agalu a m'mudzi monse amakafukula usiku. Makatoni, ziguduli, mabulangete akutha, mkeka umene tinkagonapo, tsache limene munaseserapo masanzi, zonsezo otchani. Musazimvere chisoni.

Kagalu kakafa, musakataye kutchire, m'ngalande kapena mumtsinje. Kumbani dzenje lofika m'chiuno, kwirirani, musanjikepo miyala kuti agalu ena asafukule.

Mukatero, tsukani ndi sopo waufa ndi burashi paliponse potsukika: khonde, pansi pa m'nyumba, khola, makoma mpaka pamene kagalu kangafike kataimirira. Kwechani m'ming'alu ya simenti ndi m'makona. Tsukuluzani ndi madzi. Madzi akudawo musawakankhire pakapinga kapena kumsewu. Akumbireni kadzenje pambali alowemo.

Mfundo yachitatu: Jik ndi kolorini.

Apa tcherani khutu, ndipo amene muli ndi cholembera lembani. Mabuku ambiri a kunja amati kapu imodzi ya mankhwala oyeretserawa ku makapu 30 a madzi. Akunena zoona, koma akunena za mankhwala akwawo, amene mphamvu yake ndi 5 kapena 6 pa 100. Jik amene timagula m'magolosale athu, mukawerenga pabotolo, ndi 3.5 pa 100. Ndi wofookerapo, choncho madzi achepe. Kapu imodzi ya Jik ku makapu 20 a madzi. Kunena mwachidule, kapu ya mamililita 250 m'chigubu cha malita 5. Uwu ndi mlingo wa malo wamba. Pamene kagalu kanasanzira, pamene kanatsegulira m'mimba, ndi m'khola momwe kanagona, ine ndimathira kapu imodzi ku makapu 10, ndiye kuti makapu 2 m'chigubu chomwe chija. Botolo likakhala la mtundu wina, werengani mphamvu yake musanasungunule. Safunsa anadya phula.

Ena muli ndi kolorini waufa, HTH, uja tinamuzolowera nthawi ya kolera mu 2022 ndi 2023. Ameneyo ndi wamphamvu kwambiri. Masupuni aakulu 2 osasefukira mu malita 10 a madzi akwanira. Koma mlingo wothira m'madzi akumwa, kaya ndi wa WaterGuard, usakunyengeni. Umenewo ndi wochepetsetsa, parvo singaumve n'komwe.

Mlingo wokha sukwanira, pafunikanso nthawi: mphindi 10. Malowo akhale onyowa ndi mankhwala kwa mphindi 10 zathunthu. Cholakwa chimene ndimachiona kawirikawiri n'chakuti munthu aviika chikolopa, apukuta kamodzi, dzuwa la masana n'kuumitsa pasanathe mphindi 2, iye n'kumati wamaliza. Sanamalize. Thirani mokwanira kuti pachite kunyowa, pakayamba kuuma onjezerani, ndipo ntchitoyi muziigwira m'mawa kapena madzulo simenti isanatenthe kapena itazizira. Yang'anani wotchi ya pafoni. Mphindi 10 zikakwana, tsukuluzani ndi madzi oyera, pasiyeni paume gwa. Mawa lake bwerezani, ndi mkuja womwe, chifukwa dzanja limaphonya ming'alu.

Sungunulani ndi madzi ozizira, m'bigiri ya pulasitiki, poti ndowa yachitsulo imachita dzimbiri. Sungunulani wa tsiku lomwelo. Wogona amakhala atatha mphamvu, makamaka akakhala padzuwa, ngakhale fungo likadalipo.

Ndikuchenjezeni mwamphamvu: Jik sasakanizidwa ndi mankhwala ena alionse. Osamuphatikiza ndi otsukira m'chimbudzi, osamuphatikiza ndi viniga. Mukatero pamatuluka mpweya woopsa umene umapsereza m'chifuwa, ndipo m'chipinda chotseka ungathe kugwetsa munthu. Tsegulani mawindo, valani magolovesi, ana ndi ziweto zikhale kutali mpaka pauma.

Zoti muviike n'zambiri kuposa mmene mukuganizira. Mbale zodyera ndi zomwera, unyolo, lamba wa m'khosi, fosholo ija, burashi, wilibala, kunsi kwa nsapato za aliyense wa pakhomo. Ikani beseni la mankhwalawa pakhomo la khola kuti wotuluka aziponda, koma ayambe wapala matope, ndipo muzisintha tsiku ndi tsiku. Mbale za pulasitiki zokandikakandika ndi mano tayani, mugule zachitsulo, zimene mungathe kuziwiritsa. Zovala zimene munavala ponyamula kagalu chapani pazokha, ziviikeni ngati nsalu yake ikulola, muyanike padzuwa tsiku lonse.

Chovuta ndi sofa ndi kapeti, poti Jik amasukulutsa nsalu. M'masitolo a mankhwala a ziweto mumapezeka ufa wotchedwa Virkon, umene oweta nkhuku ambiri amaudziwa. Magalamu 10 pa lita imodzi ya madzi amapha parvo, ndipo saononga nsalu ngati Jik, komabe yambani mwayesa pakona pobisika. Khola la matabwa nalo limavuta, chifukwa thabwa limamwa. Likakhala la mtengo wapatali, kwechani, thirani mankhwala kangapo, liume padzuwa, mulipake penti. Likakhala la zidutswa zotola, liotcheni mumange lina pamalo ena.

Nanga mankhwala onunkhira aja timasambitsira mabala ndi kukolopera m'nyumba? Ali ndi ntchito yake, ndipo amaigwira bwino pa majeremusi ena. Pa parvo musawadalire. Ndi amene ine ndinakolopera khonde langa chaka chija, nyumba yonse n'kumanunkhira chipatala, mtima wanga n'kukhala pansi. Fungo si mphamvu.

Mfundo yachinayi: dothi.

Abale anga, apa ndilankhula mosabisa. Palibe mankhwala amene angayeretse dothi kapena kapinga n'kutheratu. Palibe. Simenti imatsukika, matailosi amatsukika, chitsulo chimatsukika. Dothi ayi. Ndipo ambiri a ife mabwalo athu ndi adothi.

Chifukwa chake ndi chomwe chija cha mfundo yachiwiri. Dothi lili ndi zoola, mizu, masamba, ndipo zimenezi zimadya mphamvu ya Jik asanalowe n'chala chimodzi chomwe. Mutha kukhuthula mabotolo 10, mupha kapinga ndi maluwa a amayi, kachirombo kali pansi osakhudzidwa. Ena amathira phulusa, ena laimu, ena parafini, ena oyilo wakuda wa galimoto. Phulusa ndi laimu sindingakulonjezeni kuti zipha parvo. Oyilo ndi parafini zimangoononga nthaka n'kuika ana ndi nkhuku pangozi. Zisiyeni.

Ndiye titani? Tichepetse, kenako tipatse mpata dzuwa. Pamene mukudziwa kuti kagalu kanachitirapo chimbudzi kapena kusanza, palani dothi lapamwamba ndi khasu, kuzama ngati zala 3 kapena 4, mukalikwirire m'dzenje lakuya. Tchetchani udzu ufupike. Sadzani nthambi za mango ndi mapeyala zimene zaphimba malowo. Chotsani milu ya njerwa, malata akale, matayala, nkhuni, chilichonse chosunga mthunzi ndi chinyezi. Kachiromboka kamakonda kuzizira ndi kunyowa, kamadana ndi kuuma ndi kuwala. Dzuwa la Okutobala limene timadandaula nalo ndi bwenzi lathu pa ntchito imeneyi. Koma kuseri kwa nyumba kumene dzuwa silifika, pansi pa nthochi, pafupi ndi mpopi podontha madzi, amenewo ndi malo oti muziwakayikira mpaka chaka chithe. Atchingeni ndi waya kapena minga agalu asafikeko.

Nyengo ya mvula ili ndi vuto lake. Madzi amatsuka pabwalo panu, inde, koma amatsukira kuti? Kwa amene ali kumunsi kwanu. M'malokeshoni mwathu mipanda ndi yogundana, ngalande ndi imodzi, agalu amadutsa pa chiboo chomwecho. N'chifukwa chake ndikukupemphani kuti matendawa akagwa pakhomo panu musabise. Pitani kwa oyandikana nawo mukawauze kuti, "Amayi, kwathu kwagwa parvo, tiagalu tanu tisatuluke, ndipo ana asamabwere kudzaseweretsa agalu." Si chamanyazi. Chaona mnzako chapita, mawa chiona iwe. Inunso muyambe mwaleka kukayendera anzanu amene agalu awo angoswa kumene, ngakhale akuitaneni kuti mudzasankhe.

Amene mukufuna kupitiriza kuweta agalu, makamaka ogulitsa tiagalu, ganizirani zoika simenti pamalo oswera ndi okulirapo ana, yotsetserekera kudzenje la madzi. Thumba limodzi kapena awiri a simenti asandutsa malo osatsukika kukhala otsukika. Walira mvula walira matope: wafuna agalu, wafunanso ntchito yake.

Dothi silitsukika. Ndabwereza dala. Limafuna dzuwa ndi nthawi, ndipo zimenezi zikutifikitsa ku mfundo yotsiriza.

Mfundo yachisanu: kudikira ndi katemera.

Ndikudziwa mmene pakhomo pamazizirira galu akafa. Ana amalira, usiku mumagona khutu lili kunja poopa akuba, ndipo mtima umati pezani kena msanga. Gwirani mtima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kagalu kopanda katemera kasaponde pabwalo limenelo kwa miyezi 6, ndipo ngati bwalo lanu ndi lamthunzi ndi lachinyezi, dikirani chaka. Ngati simungathe kukhala opanda mlonda, pezani galu wamkulu kapena kagalu kamene kamaliza katemera wake wonse, papitenso masabata 2 chibayireni jekeseni womaliza.

Katemera wa parvo si wa kamodzi. Woyamba amabaya kagalu kali ndi masabata 6 mpaka 8, kenako amabwereza pakapita masabata 3 kapena 4, mpaka womaliza kakakwana masabata 16. Kubwerezaku kuli ndi chifukwa. Kagalu kamayamwa chitetezo mu mkaka woyamba wa make, ndipo chitetezo chobwerekacho chimatha kufooketsa katemera. Chimatha pang'onopang'ono, kena msanga, kena mochedwa, ndipo palibe angadziwe ndi maso kuti chatha liti. Pamakhala masiku amene chitetezo cha make chachepa moti sichingatchinge matenda, koma chikadali chokwanira kulepheretsa katemera. Ndi mpata umenewo umene parvo imalowerapo, n'chifukwa chake mumamva munthu akuti, "Koma ndinakabayitsa." Anabayitsa kamodzi. Wa masabata 16 uja ndiye wotseka chitseko. Pambuyo pake pali wina wolimbitsa chaka chisanathe, ndipo galu wamkazi azikhala wobayitsa asanatenge bere.

China chimene chimasokoneza anthu ambiri ndi ichi. Kuyambira 2015 a Mission Rabies akhala akubaya agalu ku Blantyre kwaulere, ndipo boma nalo limachita kampeni zotere m'maboma ena. Ntchito imeneyo ndi yopulumutsa miyoyo ya anthu, ndipo galu aliyense azipita. Koma katemera ameneyo ndi wa chiwewe chokha. Sateteza ku parvo ngakhale pang'ono. Wa parvo ndi wina, wolipira, ndipo mumaupeza kwa madokotala a ziweto, ku LSPCA ku Lilongwe, ku BSPCA ku Blantyre, kapena pofunsa ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu. Katemerayu amasungidwa mozizira. Munthu akabwera naye m'thumba la malaya dzuwa likuswa mtengo, musalole abaye galu wanu. Ndipo pogula kagalu, makamaka tija amatinyamula m'manja m'mphepete mwa msewu, funsani khadi la katemera losonyeza tsiku ndi dzina la mankhwala. Mawu apakamwa si khadi.

Kagalu kakayamba kukana chakudya ndi kusanza, musadikire magazi. Mankhwala opha kachiromboka m'thupi kuno sitikhala nawo, koma dripi, mankhwala oletsa kusanza ndi olimbana ndi majeremusi amakagwirira moyo mpaka thupi lake litadzimenyera lokha. Tofika msanga tambiri timachira, tosiyidwa pakhomo tambiri timafa. Imbani foni musananyamuke kuti akakulandirireni padera, kanyamuleni m'beseni kapena m'katoni yoti mukaotche, ndipo musakatsitse pansi pamene pali agalu ena.

Kakachira, kasambitseni thupi lonse ndi sopo, mpaka kumapazi ndi kunsi kwa mchira, chifukwa kachirombo kamakanirira mu ubweya. Kakhale pakokha masabata 2, chimbudzi chake mukutola tsiku lililonse monga poyamba paja. Kamodzi kaja kanatsala pa ana 5 a galu wanga kanachira motero, kanakula, ndipo kanalondera pakhomo panga zaka zambiri osadwalanso matendawa.

A wapampando, ndaona manja angapo akwezedwa kale, ndipo mafunso ndiyankha onse. Koma dzuwa lisanapendeke ndikupempha kuti tiyambe tatulukira panja. Ndabwera ndi chigubu cha malita 5, kapu, burashi ndi botolo la Jik. Ndikufuna mnyamata mmodzi wokhala ndi wotchi pafoni, ndi mayi mmodzi woti atiyezere, kuti titsuke khonde la holo ino limodzi, aliyense aone ndi maso ake kutalika kwa mphindi 10 pa simenti yotentha.